Chimbale Chovala Suti

Adalaivala atapuma pantchito yoyendetsa basi, anagwidwa ndi matenda amene amagwira madoda ambiri opuma: kugula zinthu zakale zokhala ndi mabatani ambirimbiri. Ulendo uno anabwera ndi makina ojambulira nyimbo pa zimbale, akuda bii, olemera ngati batire ya lole. Anawakhazika pa kabati ya pabalaza, pamwamba pa wailesi ya kaseti.

Komatu ulendo uno panali chifukwa. Loweruka akazi awo ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ana anali ataitana alendo makumi awiri. M'bokosi la nsapato munali kaseti imodzi imene mayiwo anajambula ali mtsikana, akuimba nyimbo zisanu ndi gitala wobwereka, masiku amene Adalaivala ankawasokoneza mutu ndi hutala ya basi. Kasetiyo inali itatheratu. Ikamazungulira inkalira ngati chitseko cha bafa, ndipo kawiri konse wailesi inaitafuna, mpaka kuibweza ndi pensulo. Adalaivala analumbira pamaso pa ana kuti mlendo aliyense adzatuluka ndi chimbale cha mawu a mayi awo, mwini mawuyo osadziwa kanthu mpaka tsikulo.

Lachinayi m'mawa, mayi atapita kukapereka zoluka kwa makasitomala awo, Adalaivala anatulutsa zimbale makumi asanu zopanda kanthu, zotungidwa pa kamtengo, zimene anagula motchipa kwa wogulitsa zamakompyuta. Anadina batani. Makina anatulutsa lilime, lija poikapo chimbale. Anaikapo chimodzi. Makina anameza, anang'ung'udza pang'ono, kenako anakana kujambula. Anayesa chachiwiri, chachitatu, chachisanu ndi chiwiri anachipukuta ndi malaya n'kuchiuzira mpweya. Ayi ndithu.

"Basi yodzaza anthu sinandikanepo pamtunda," anatero akuloza makinawo, "ndiye undikane iwe wopanda matayala?"

Anaimbira alamu awo, mchimwene wa mayi, amene ankakonza mawailesi kumsika. Alamuwo anafika ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya, natembenuza chimbale chimodzi, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira kabati.

"Alamu, mwagulira mphaka udzu! Izi ndi za kompyuta. Makina a m'nyumba ngati awa amafuna chimbale cholembedwa kuti ndi cha nyimbo. Akachimeza amayamba achifunsa chiphaso."

"Chimbale ndi chimbale. Chozungulira, chonyezimira, chobooka pakati."

"Inunso ndinu wozungulira ndi wonyezimira pamutu, koma sitikujambulani."

Anazungulira tauni yonse awiriwo kufunafuna chimbale cha nyimbocho. Masitolo asanu anawayang'ana ngati akufunsa mafuta a nyali. Kumapeto kwa msewu wa osoka nsapato, mayi wina wogulitsa mabatire ndi mawaya anakwera pa mpando, natsitsa chimbale chimodzi chokha, chafumbi, chili m'kabokosi kake. Atatchula mtengo, Adalaivala anavula chipewa.

"Mayi, chimodzi ichi mtengo wake ngati zotchipa khumi? Chimaimba chokha?"

"Mbali ina ya ndalamayo imapita kwa oimba, bambo."

"Woimbayo ndimagona naye nyumba imodzi. Sanalandirepo ngakhale switi."

"Ndiye mukamugulire switiyo. Chatsala chimodzi, ndipo sindiitanitsanso."

Anagula. Koma panjira mtima sunali m'malo. Alendo makumi awiri, chimbale chimodzi, ndipo chikajambulidwa sichifufutika. Ana akanawaseka chaka chathunthu.

Atafika kunyumba alamu anayang'anitsitsa makinawo, kenako anamwetulira ngati munthu wodziwa pamene mpanda unathyoka.

"Makina akale awa ali ngati mlonda waulesi. Amafunsa chiphaso kamodzi, pageti. Tilowetse bwana wovala sutiyu, mlonda achite sawatcha. Akatero tisadine batani lotsegulira, tikoke lilimelo ndi dzanja mwakachetechete, tichotse bwana, tiikepo mlongo wake wosauka. Ena amapusitsika, ena ayi."

Analowetsa chodulacho. Makina anachilandira ndi ulemu wonse, kanyali kofiira kanayaka. Tsopano kukoka lilime. Zala za Adalaivala, zimene zinagwira chiwongolero zaka makumi atatu, zinali ngati nthochi, sizinalowe m'kampata. Alamu anabweretsa sikuludiraiva, koma inangokanda utoto. Anayesa mpeni wa batala, supuni, chipeso. Thukuta linali kamukamu, mitu iwiri itagundana pa kabati, pamene chitseko chinatseguka.

"Achimwene, mukuwaphunzitsa kuba amuna anga?"

Anali mayi, chikwama cha ulusi chili paphewa. Adalaivala anaimirira msangamsanga kuti abise kaseti ndi mimba, koma mimba inali kutsogolo, kaseti kumbuyo. Mayi anaiona. Anaidziwa ndi zilembo zawo zomwe za pautsikana.

Panalibenso chobisa. Adalaivala anaulula zonse, maso ali pa nsapato. Mayi anasuzumira pa makinawo. Anaika chikwama pansi, natulutsa kasingano kolukira kokhota kunsonga.

"Tasunthani, madoda."

Anakalowetsa m'kampata, nakola, nakoka pang'onopang'ono ngati akusolola ulusi pa juzi ya mwini. Lilime linatuluka osadandaula. Anachotsa bwana, naikapo chotchipa, nakankha ndi chala chimodzi. Kanyali kofiira sikanaphethire n'komwe.

"Mlonda wagona!" alamu anakuwa. "Dinani, alamu, dinani!"

Adalaivala anadina kaseti, nadina makina. Panamveka kaphokoso ngati mvula yakutali, kenako gitala, kenako mawu a mtsikana, oonda, okwera mopanda mantha. Mayi anakhala pa mkono wa sofa, singano ili m'manja.

"Ndinkaimba mothamanga bwanji," anatero chapansipansi. "Ngati wina akundidikira panja."

"Ndinali ine," anatero Adalaivala. "Injini ili chiyakire, anthu akunditukwana m'basi."

Kaseti inapirira mpaka nyimbo yachisanu. Mawu omaliza atangotha, inalira kuti kwee, n'kuduka. Onse atatu anayang'anana. Adalaivala anamaliza chimbalecho monga makina amafunira, n'kuchiika m'wailesi ya kuchipinda. Mtsikana uja anayambanso kuimba, bwinobwino. Alamu anavina ndi sikuludiraiva m'mwamba mpaka anagunda babu.

Zotsalazo anakopera kuchokera ku chimbale choyambacho, atalumikiza wailesi ya kuchipinda ija ku makina. Masana onse a Lachinayi ndi Lachisanu ntchito inali yomweyo: bwana alowe, mlonda achite sawatcha, mayi akole ndi singano, wosauka alowe. Mphatso yachinsinsi ija mwini wake ndiye anali kapitawo, akukalipira amuna awo kuti akulemba mokhota pa zimbale. Zitatu zinaonongeka, chimodzi alamu anachikhalira. Chamakumi awiri chitatuluka, Adalaivala anatenga chodula chija kuti achibwezere m'kabokosi.

"Mukupita nacho kuti?" mayi anafunsa.

"Ndikuchisunga, mayi a ana. Ndi kiyi wathu ameneyu. Tikachijambula, zotchipa zotsalazi sizidzalowanso."

"Alendo alandire zotchipa, ndi alendo. Koma ine ndaimba, ndakoka, ndipo tsiku lobadwa ndi langa. Mundipatse cha mlongo wosauka?"

Adalaivala anayang'ana chimbalecho, nayang'ana mulu wa zotchipa umene ukanasanduka zoikapo makapu. Anayang'ana alamu, koma alamu anali kalikiliki kuwerenga denga.

Anadina batani lotsegulira, mwaulemu, ngati mmene ankatsegulira chitseko cha basi. Bwana analowa pageti, ndipo ulendo uno sanatulutsidwe ndi singano.