Nthambi Yoyeserapo Pulogalamu ya Sikelo

Kompyuta yakale ija anaitsitsa pamwamba pa kabati Lolemba m'mawa, ndipo Asiya ankaipukuta fumbi ndi kansanza, mwana wake Rabia ali kumbuyo. Pachipatala chaching'ono cha a Kalinde, kuseri kwa msika wa Njuli, makompyuta anali awiri basi. Yaikulu inkakhala patebulo la Asiya. M'menemo munali mayina a ana onse a sikelo, ana 212, ndi masiku awo a katemera. Inayo inkangodya fumbi.

Aubrey, katswiri wa ku Limbe amene analemba pulogalamu yosunga mayinawo, anali atabwera ndi ina yatsopano. Iyi inali yoti izitumiza uthenga pafoni kwa mayi aliyense kukatsala tsiku limodzi kuti mwana wake abayidwe. Sikelo inali Lachinayi. Koma asanaiike pa kompyuta yaikulu, anayenera kuiyesa kaye pa yakaleyo, ndipo yakaleyo inalibe sisitimu yoiyendetsa.

"Sisitimu yathuyi ndi yaulere, adokotala, koma ili ndi nthambi zitatu," anatero Aubrey akuloza mizere itatu pa sikirini. "Yoyambayi ndi yokhazikika. Imatha zaka ziwiri osasintha kanthu. Yachiwiriyi ndi yapakati, amayeseramo zimene zikubwera. Yachitatuyi ndi yosakhazikika, akatswiri amaponyamo zatsopano tsiku ndi tsiku. Ine pa laputopu yangayi ndili pa imeneyo."

"Ndiye mukufunsanso chiyani? Ikani yatsopanoyo," anayankha a Kalinde. "Ndani amadzala mbewu yofumbwa?"

Vuto linali lakuti bandulo inali yokwanira kutsitsa nthambi imodzi yokha, ndipo ndi netiweki ya pamenepo ntchitoyo inkafuna maola atatu.

Asiya anatsegula kope lake lachikuto cholimba. Ankalembamo chilichonse chimene munthu wachita pa kompyuta yaikulu, ngakhale kusintha mausi. Ntchito ya ukalalikiyi anali ataigwira miyezi inayi yokha, ndipo mawu ake ankatuluka motsika akamalankhula pamaso pa a Kalinde.

"Pepani achimwene," anatero kwa Aubrey. "Yaikuluyi ili pa nthambi iti?"

"Yokhazikika. Ndinaiika ndekha chaka chatha."

"Nanga Lachinayi pulogalamuyi idzagwira ntchito pa kompyuta iti?"

"Pa yaikuluyo, amake Rabia. Pa itinso?"

"Ndiye tikuyeseranji pa nthambi ina?"

Aubrey anaseka. "Mwayamba liti za makompyuta, achemwali? Pulogalamu ikayenda pa nthambi yodumphadumpha, ingakanike bwanji pa yogona tulo? Wokwera phiri la Chiradzulu sangalephere chulu."

"Ngati mukulimbana, tengani yapakatiyo," anatero a Kalinde. "Wogona pakati samva mphepo."

Pompo panja panaima kabaza itanyamula bambo wodzitema ndi chikwanje, ndipo a Kalinde anatuluka. Aubrey anayang'ana wotchi, kenako anasisita pamimba.

"Ndikadye chipisi pamsikapa. Dinani mzere wachitatuwo, iyambe kutsika. Wachitatu, mwamva?"

Asiya anatsala yekha ndi mizere itatu ija. Rabia anatakataka kumbuyo, iye n'kumugwedeza osacheuka. Anakumbukira amalume ake a ku Mikolongwe. Alangizi akabwera ndi mbewu yatsopano, iwo sankakhulupirira za m'munda wachionetsero, momwe feteleza amathira kawiri. Ankadzala mizere iwiri pakona pa munda wawo womwewo, wamiyala uja. Kenako Asiya anadina mzere woyamba.

Aubrey anabwerako patatha ola ndi theka, kamtengo kotokosera m'mano kali pakamwa. Atayang'ana pa sikirini anakalavula.

"Mwadina chiyani apa?"

"Yokhazikika."

"Mwalakwitsa kapena mwachita dala?"

"Dala."

Theka la bandulo linali litapita kale, kubwerera kunalibe. Aubrey anaitana a Kalinde. Iwo anaima pakhomo, magolovesi ali m'manja, n'kumuyang'ana Asiya nthawi yaitali.

"Mayi, pano timalemba ntchito munthu womva. Zikavuta Lachinayi, mudzawauza nokha azimayiwo. Mukatero tidzakambirana ine ndi inu."

Asiya anangoti, "Chabwino, adokotala," maso ali pansi.

Cha m'ma thu koloko sisitimu inali itakhala. Aubrey anakopera mayina a ana kuchoka pa kompyuta yaikulu kupita pa yakale, n'kuika pulogalamu yatsopano ija. Inatseguka bwinobwino, yobiriwira, dzina la chipatala lili pamwamba.

"Mwaona? Yatseguka. Ikanatseguka paliponse. Tangotaya nthawi ndi mkangano," anatero Aubrey, akuyamba kupinda chingwe cha laputopu.

"Ndilembeko dzina limodzi?"

"Lembani ngakhale khumi."

Asiya analemba dzina la mwana wake. Zonse zinatuluka: mudzi, nambala ya foni, makilogalamu a mwezi watha. Koma kabokosi ka tsiku la katemera wotsatira kanali mbee, kopanda kanthu.

"Rabia akubayidwa wa chikuku Lachinayi lomweli. Wakwana miyezi naini," anatero. "Apa palibe."

"Mwina munaiwala kulemba."

"Tsiku la mwana wanga?"

Analemba dzina lina, la mwana wa ku Nguludi. Kabokosi kanali kopanda kanthu. Analemba lachitatu, lachinayi. Chimodzimodzi. Aubrey anatsegulanso laputopu yake n'kulemba dzina la Rabia. Kumeneko tsiku linalipo, Lachinayi, monga mayi wake ananenera. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Kenako anakoka mpando n'kukhala pansi, n'kuyamba kufufuza m'pulogalamu yake ija.

A Kalinde atalowanso anamupeza atagwira tsaya.

"Kwagwanji, katswiri?"

"Muli kachidutswa kena kowerengera masiku, adokotala. Ndinagwiritsa ntchito katsopano. Kalipo ku nthambi yanga ndi ku yapakati ija. Ku yokhazikika kulibe."

"Tandiuzani m'Chinyanja."

"Tikanaika pa yaikuluyo, masiku a ana onse akanafufutika. Uthenga sukanapita kwa aliyense."

A Kalinde anayang'ana kompyuta yaikulu ija. Kaundula wa pepala anasiya kulembamo chaka chatha, kompyuta itabwera. Azimayi anali ndi timabuku tawo, inde, koma chipatala sichikanadziwanso mwana amene wajomba.

"Nanga yapakati yanga ija?"

"Ikanayenda bwinobwino. Sitikanaona kanthu mpaka Lachinayi."

A Kalinde anamenya pang'ono pamsana pa kompyuta yakale ija, fumbi lina n'kutuluka. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," anatero. Kenako anatembenukira kwa Asiya. "Koma inu, tsiku lina muzinena musanadine."

"Ndinanena, adokotala."

"Muzinena mokweza."

Aubrey anakwera minibasi ya folo koloko osatsanzika bwino. Anabweranso Lachitatu m'mawa ndi pulogalamu yokonzedwa, ndipo sanafunse za nthambi. Anaiika pa yakale ija, n'kukankhira kiyibodi kwa Asiya.

"Lembani mayina anu aja, akulu a ofesi."

Asiya analemba mayina makumi atatu, akufananiza tsiku lililonse ndi la pa kompyuta yaikulu. Aubrey anapumira m'mwamba kangapo koma sanamuletse. Atamaliza, m'pamene anaiika pa yaikulu. Asiya anadula kapepala, n'kulembapo kuti "Yokhazikika. Osasintha popanda kufunsa," n'kukamata ndi selotepi pa kompyuta yakaleyo. Sanaibwezenso pamwamba pa kabati.

Masana akupita kunyumba, podutsa pamene amagulitsa tomato, foni inalira m'chikwama. Anaima pambali pa msewu kuti kabaza idutse. Uthengawo unkati mawa ndi tsiku la katemera wa Rabia, afike ndi kabuku nthawi ya eyiti koloko. Tsikulo ankalidziwa kale. Anauwerengabe kawiri, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kupitiriza ulendo.