Mazira a Ng'azi

Ng'azi inaikira m'chulu changa mvula yoyamba itangogwa, dothi lili lofewa. Ndinaiona ikufukula, ikulowa, kenako ikutuluka mimba itafota. Chiswe chinamata pobowoka paja. Mphiri imayenda ndi ana ake m'mimba mpaka kubereka, koma ng'azi ikaikira basi, yapita. Chofungatira mazira ndi chulu.

Sindinauze munthu. Kuno ku Malindi ng'azi ndi mbala ya anapiye. Koma imafukulanso mazira a ng'ona mumchenga n'kudya. Mkazi wanga Jestina anagwidwa ndi ng'ona akuchapa kudooko.

Dzinja litatha, a Gilford, atcheya a chipani kwathu kuno, anafika ndi ayufi, makasu ndi zikombole zili paphewa.

"Che Yakobo, chulu chanu chasankhidwa. Tiumba njerwa za sukulu."

"Muli mazira."

"A chiyani?"

"A ng'azi. Aswa mvula ikubwerayi."

Ayufi anafa nacho chiseko. Abudu, wamkamwa kuposa onse, anati, "Ndiye tidikire ng'azi ituluke m'chikuta? Kapena ndi apongozi anu, madala?"

A Gilford sanaseke. "Mukukana chitukuko, bambo? Mawu amenewa ndikawatule kuboma momwemu?"

Kumene ankapita anthu okana chitukuko ndinkakudziwa. Ndinatenga khasu langa.

"Pali mazirapo ndikumba ndekha."

Ndinawapeza m'kati motentha, ofewa ngati chikopa. Ndinawaika m'lichero momwe anagonera, osatembenuza, n'kuthira dothi lomwelo pamwamba. Ndisanaimirire n'komwe, makasu anali atayamba kumbuyo kwanga.

Pofunafuna chulu china, ndinayamba ndi kwa a Subira, amene tinayandikana minda.

"Ng'azi m'munda mwanga? Nkhuku zanga mudzaziweta ndinu? Pitani nazoni, achimwene."

Mnansi wina, Che Wadi, anavomera, koma nditapisa dzanja m'chulu chawo munali zii, chiswe chinasamukamo kalekale. Zulu za kuseri kwa msika zinali zitakhomedwa kale zikhomo za chipani. Ndinatsikira kudambo, ndinabwerera, ndinakwera kumtunda. Dzuwa linafika pamutu. Dothi la m'lichero linayamba kuyera. Ndinavula malaya n'kufundikapo.

Chulu chimene palibe angaumbe nacho njerwa chinatsala chimodzi, cha kumanda, pansi pa mtengo wa bwemba. Munthu wokumba kumanda popanda maliro ali ndi dzina, ndipo dzinalo silichoka. Ndinaima panjira. Ndinapitirira pang'ono, n'kubwereranso. Kenako ndinalowa, masanasana poyera.

Khasu litangoboola, mpweya wofunda unandiwomba kumaso. Chiswe chinatuluka chaukali, chikundiluma m'zala. Ndinaika mazira limodzilimodzi.

Amayi ochokera kudooko anaima ndi ndowa pamutu. Pakati pawo panali a Subira.

"Mayo! Che Yakobo, mukukwirira chiyani kumeneko?"

"Mazira aja."

"Ine ndawaona, nanga awa akhulupirira? Tulukani msanga!"

Mmodzi anatula ndowa n'kuthamangira kumudzi. Posakhalitsa ndinamva phokoso likubwera, mawu a Abudu ali pamwamba pa onse.

Pobowoka panali pakadali poyasama. Khwangwala anali atatera kale mubwemba, akusuzumira. Ndinakhala pansi, khasu pamiyendo, kudikira kuti chiswe chimate.