Lachisanu Lopanda Ng'ombe

Tayerekezani: pakantini ya fakitale ya mipando, pamene pamadya anthu makumi asanu ndi atatu, ndi mbale zingati zimene zinatsala zodzaza tsiku limene nyama ya ng'ombe inachotsedwa?

Mayi wophika pakantinipo, amene onse ankangowaitana kuti Amayi, anakhala akudzifunsa funso lomweli sabata yonse. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Lachisanu linali tsiku la nyama ya ng'ombe. Kenaka m'khitchini munalowa mtsikana wa ku ofesi, wolemba malipoti. Anati ogula mipando akunja akufuna kudziwa kuchuluka kwa mpweya wotenthetsa dziko umene fakitaleyo imachititsa, ngakhale wochokera ku chakudya.

"Ng'ombe ikamabzikula imageya mpweya woipa, Amayi," anafotokoza mtsikanayo. "Kuonjezera apo, anthu amadula nkhalango kuti ipeze msipu. Mbale imodzi ya nyama yake imaononga kuposa mbale zambirimbiri za nyemba."

"Ng'ombe igeye kubusa, mlandu udzandipeze ine m'khitchini?"

Mtsikanayo anaseka, koma bwana wa fakitale, amene anaima pakhomo, sanaseke. "Tiyese Lachisanu lino," anatero. "Mbale zodzaza zikaposa khumi, tiitana kampani yodziwa kuphika zopanda nyama." Sananene kumene Amayi adzalowere, ndipo Amayi sanafunse.

Lachisanu m'mawa, amuna awo, amene ankawotcherera miyendo ya mipando pafakitale pomwepo, anawapatsa kathumba kakuda ali pageti.

"Fupa la ng'ombe ili, mayi a ana. Mungoliponya mumphika, n'kulivuula belu lisanalire. Fungo lokha likupulumutsani."

"Nanga akandigwira?"

"Fupa limalankhula?"

Amayi analibisa m'kabati, kuseri kwa maepuloni. Anakazinga anyezi mpaka anada bii, anathira bowa, adyo ndi tomato, kenaka nyemba zimene zinagona m'madzi. Analawa, anathira mchere, analawanso, mpaka lilime linaleka kuwauza zoona. Kawiri konse anatsegula kabati ija. Kachitatu anafika pogwira kathumbako, kali zii m'manja. Koma anakumbukira kuti madzulo mtsikana uja adzalemba kuti lero simunalowe ng'ombe m'khitchini, iwo n'kusaina pansi pake. Pa zaka zonsezi anali asanasainirepo bodza. Anatseka kabati ndi bondo, fupa lili momwemo.

Belu linalira. Woyamba pamzere anali dalaivala wa lole, munthu wa pakamwa posatseka, amene akakana chinthu anzake onse amakana naye. Anasuzumira mumphika.

"Amayi, ng'ombe yathawa?"

"Ili patchuthi, bambo. Bweretsani mbale."

"Ndiye mpweya wa nyembazi adzauyeza ndani masana ano?" anafuula wopala matabwa ali kumbuyo. "Muuze mtsikana wa malipoti abwere ndi makina ake kushedi kwathu!"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Amayi anayesa kuseka nawo, n'kumuikira dalaivala nyemba m'mbale.

Dalaivala anakakhala pansi, n'kukankhira mbale yake pakati pa tebulo, manja n'kupinda. Anzake asanu anagwira masipuni m'malere, maso ali pa iye. Amayi anawerenga chamumtima: zisanu ndi imodzi, tebulo limodzi lokha. Patebulo lina, amuna awo anawerama n'kudya mosacheuka, ndipo posakhalitsa anadzuka kudzapempha zina.

"Alamu akuopa kugona pakhonde!" anatero dalaivala.

"Ndikuopa njala, achimwene. Ngati simukudya, ndipatseni yanuyo."

"Iyayi, yanga ndi yanga." Dalaivala anaikokera mbale ija kufupi, n'kuinunkhiza ngati mankhwala.

Amayi sanathe kupenyanso. Anatembenukira kusinki n'kuyamba kukwecha mphika umene unali woyera kale. Kumbuyo kwawo ankamva masipuni akugunda mbale, koma ndani angasiyanitse sipuni ya munthu wakudya ndi ya munthu wongotakasa? Anaganiza za mwana wawo wamkazi amene anali atangoyamba kumene koleji. Anaganiza zoyamba kufunafuna ntchito ndi imvi kumutu. Madzi anasefukira musinki osaona.

Belu lachiwiri linalira, mipando inakwekwerezeka, kantini inati zii. Mtsikana wa malipoti anayendera matebulo onse, analowa m'khitchini, anayang'ana paliponse, akulemba. Bwana anafika n'kuima pakhomo.

"Zingati?" anafunsa.

Amayi anapukuta manja paepuloni, osatembenuka.

Mbale yodzaza inali imodzi yokha. Mtsikanayo anaipeza pamwamba pa firiji, itazizira, sipuni ili chiimire pakati pa nyemba. Inali ya Amayi eni ake.