Mano a Ndapirira

"Teodora, uwauze amuna ako abwere adzaone ntchito ya mwana wawo!"

A Zeferina anaima pabwalo atakweza nsapato imodzi m'mwamba. Inali nsapato yawo yopitira kutchalitchi, yachikopa chenicheni, imene malemu amuna awo anawagulira ku Rhodesia. Chidendene chinali chitapita, kutsogolo kuli yasaa.

Olímpio anali pomwepo akusema mpini, moti akanatha kuilandira nsapatoyo ndi dzanja. Koma mkamwini salankhulana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wake Teodora, amene ankasinja mapira pakati pawo, ndipo ntchito yonyamula mawuyi inali itamutopetsa kuposa munsi.

"Uwauze amayi kuti mwanayo mano akumera," anatero Olímpio akuyang'ana pansi. "Nkhama zikumuyabwa. Zidzatha."

"Akuti zidzatha," anatero Teodora osasiya kusinja.

"Ndamva, sindine gonthi! Uwafunse ngati zidzathe ife tikuyenda maliseche."

Wolakwayo anali gone pansi pa nkhokwe, kagalu kofiira kamimba tuu, kakunyambita milomo. Olímpio anakatola pa mudzi wina umene anthu ake anathawa nkhondo, nakatcha Ndapirira. Aliyense ankadziwa kuti dzinalo likunena ndani. Pamudzi pa eni ake, munda unali wa apongozi, mbuzi za apongozi, ngakhale mthunzi unali wa apongozi. Chake chenicheni cha Olímpio chinali kagaluko, ndipo ankakakonda mochititsa manyazi.

Anali atayesa zonse. Anakapatsa chitsononkho, iko kanasankha mphasa. Anapaka tsabola pa miyendo ya mpando, kananyambita tsabolayo n'kuyetsemula, kenako kanadya mpandowo bwinobwino. Anakamanga ndi chingwe cha luzi, kanadya chingwecho, ndipo pobwerera kanadzera pa korona wopempherera wa a Zeferina.

"Uwauze kuti mawa dzuwa likamatuluka ndisadzamuone galuyu," anagamula a Zeferina. "Akamutaye kumtsinje. Akakana, atengane onse awiri. Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Teodora sanavutike n'kubwereza.

Dzuwa lili paliwombo kunamveka belu la njinga. Anali Nicolau, msupayi, wapolisi wotumidwa ndi shefi wa posto, bwana wa boma la Chipwitikizi. Masiku amenewo, nkhondo italowa m'mapiri a Maravia, msupayi sankabwera kudzacheza. Anatsamiritsa njinga pa nkhokwe, naponya chikwama chake chachikopa pamthunzi, n'kuvula majombo amene ankamuotcha.

"Ndabwera ndi kalata ya boma," anatero. "Muli maina a amuna okanyamula katundu wa tropa, asilikali a boma. Kompadre Olímpio, inu munapita kusukulu ya mishoni, mutiwerengera."

Nicolau sankadziwa kuwerenga, ndipo mainawo shefi sanamuuze. Koma Olímpio anadziwiratu. Amuna amphamvu otsala pamudzipo anali ochepa, dzina lake silikanasowamo, ndipo amene anatengedwa chaka chatha sanabwerere. Tsono adziwerenge yekha ndi pakamwa pake?

"Mlendo sayamba ndi milandu," anatero a Zeferina mwaulemu wachilendo. "Teodora, kawatengere thobwa abambowa."

Nicolau anamwa chipanda choyamba akudandaula za minga ya m'njira. Chachiwiri anamwa akudandaula za mkazi wake. Atatsiriza chachitatu anapukuta ndevu, natambasula dzanja kuti atenge chikwama. Dzanjalo linagwira dothi.

Anachipeza kuseri kwa nkhokwe. M'chikwamamo Nicolau anali atasungamo nyama yofutsa ya paulendo, atakulunga pamodzi ndi kalatayo. Ndapirira sanasankhe. Nyama, kalata, lamba wa chikwama, zonse zinali zitalowa njira imodzi. Kanatsala kachidutswa kokhala ndi theka la chidindo, katamatirira pamphuno pake.

"Mayo ine!" Nicolau anagwira mutu. "Wadya boma! Galu wadya boma!"

Anatola chibonga. Olímpio, amene pamudzipo sanakwezepo mawu chikwatirire, anadumpha n'kukafungatira kagaluko.

"Yambani ndi ine, kompadre."

"Ndikupheni nonse ndipindulanji? Kodi kalatayo ituluka?"

"Ituluka mawa," anatero Teodora, "koma sindikhulupirira kuti shefi akailandira."

Nicolau anakhala pansi, maso ali pa zikhato zake. Ankaidziwa bwino mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja, poti iye yemwe anali atamenya nalo anthu ambiri.

"Ndikanena kuti galu wadya kalata ine ndikumwa thobwa, manja awa sadzagwiranso njinga."

A Zeferina anasendera pafupi. "Mwana wanga, ukanene kuti unapeza m'mudzi mulibe anthu, ndipo kalata inagwera m'madzi powoloka."

"Nanga tropa ikabwera kudzaona?"

"Idzapeza mulibe anthu."

Nicolau anaimirira. Kenako anavala majombo, namangirira chikwama chong'ambikacho ndi luzi, n'kukwera njinga. Belu sanaimbenso.

Pamudzi panalibe amene anatsutsa. Nkhani yosamukira kumapiri, kumene abale awo ena anabisala kale, inali itakambidwa kwa miyezi, anthu akungozengereza. Tsiku lomwelo anayamba kumanga akatundu.

M'mawa mwake, mitolo ili pamutu, Teodora anamukokera mwamuna wake pambali.

"Bambo, lamulo la kumapiri mukulidziwa. Tambala ndi galu saloledwa. Akauwa kamodzi, tonse tapezeka."

Olímpio ankalidziwa. Anayang'ana Ndapirira, amene pa nthawiyo ankauwa gulugufe ndi mtima wake wonse. Sakanaika miyoyo ya anthu pachiswe chifukwa cha galu. Anakanyamula, misozi ili m'maso, nayamba kulowera njira ya kumtsinje.

"Teodora!" anaitana a Zeferina. "Uwafunse amuna ako akupita kuti ndi mwanayo."

"Akuti mukupita kuti?"

"Uwauze ndikukachita zimene analamula dzulo."

A Zeferina anatula mtolo wawo, napisa dzanja mkati, n'kutulutsa nsapato inzake ija, yamoyo, yonyezimira mafuta a nsatsi. Anaiyang'ana ngati akutsanzikana nayo. Kenako anaiponya patsogolo pa Olímpio. Ndapirira anapulumuka m'manja, naigwira chidendene, ndipo kuuwa konse kunathera pomwepo.

"Uwauze kuti m'kamwa modzaza simutuluka phokoso. Imeneyi imufikitsa kumapiri. Ikatha, amupatse lamba wawo."

"Uwauze amayi kuti zikomo," anatero Olímpio.

"Uwauze asandithokoze. Ukaipa dziwa nyimbo. Galuyu yake waidziwa, iwo tikudikirabe."

Anasenzanso mtolo wawo natsogola, opanda nsapato. Olímpio anabwera pambuyo pa onse, kagalu kali m'khwapa kakukukuta nsapato ya apongozi, ndipo mpaka anafika kumapiri sikanauwe ngakhale kamodzi.