Msewu Woyanikapo Zovala

Ntchito ya mayi wojambula mapu inali kuwerengera nthawi imene ambulansi ingatenge kuchoka pachipatala kukafika pakhomo lililonse m'tauni. Kumene ingafike m'mphindi khumi ankapakako mtundu wobiriwira, kotsalako wofiira. Mapu amenewa ndiwo akanagamula ngati anthu a kutsidya kwa njanji apatsidwe ambulansi yawoyawo, ndipo dera lawo lonse linatuluka lofiira psuu.

Bwana wa ofesi anawerama pakompyuta akutokosa m'mano ndi kawaya kopanira mapepala, kenako n'kukapukutira patebulo la mayiyo.

"Mayi, kufiira konseku alendo odzayendera ntchito yathu akuona bwanji? Nanga msewu uwu mwausiyiranji?"

"Bwana, umenewo uli papepala pokha. Anangokhoma zikhomo zaka zinayi zapitazo, pano anthu amayanikapo zovala."

"Pa pulani ulipo kapena palibe?"

"Ulipo."

"Basi ndi msewu. Inu si dalaivala."

Mayiyo analumikiza kamzere kamodzi ka msewuwo pamapupo. Kompyuta, poti ilibe manyazi, inawerengeranso: mphindi makumi anayi zinasanduka zisanu ndi zitatu, kutsidya kwa njanji n'kubiriwira ngati dimba. Mapu anawapachika pakhoma, alendo anaomba m'manja pakamwa patadzaza makeke, pempho la ambulansi n'kukanidwa. Masana amenewo mayiyo sanadye. Bwana ankamunyansa, koma dzanja la iye mwini linkamunyansa koposa.

Patatha milungu itatu, dalaivala wa ambulansi, bambo wa imvi, analowa muofesimo atanyamula kalata. Anavula chipewa n'kuima patsogolo pa mapu aja.

"Achemwali, munajambula ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Dzana kutsidya kwamwalira mwana wa mphumu akundidikira. Ndinazungulira ku mlatho monga mwa masiku onse, mphindi makumi anayi. Kalata iyi ikuti malinga ndi mapu anu ndinayenera kufika m'zisanu ndi zitatu, ndiye andiimitsa ntchito. Mayi ake a mwanayo awauza kuti ndinaima panjira kumwa tiyi."

Bwana anali atatseka kale chitseko chake, ati ali pafoni.  Mayiyo akanakonda bamboyo akanamutukwana, koma iye anangopinda kalata ija bwinobwino n'kuiika m'thumba.

"Sindinabwerere ndewu ayi. Maliro ndi mawa. Tiyeni tikapepese limodzi, koma tidzere msewu wanuwo. Mwina ine maso akalamba."