Tsinde la Rozi Wakutchire

Fatu ankathirira mbande za maluwa zomwe ankagulitsa m'mbali mwa msewu ku Biwi pamene mayi wina, Jemima, anatsika minibasi atanyamula chitsamba chozula ndi mizu yomwe. Anachiponya pakati pa machubu a mbandezo.

"Chaka chatha munandigulitsa rozi wofiira, inuyo. Ichi n'chiyani? Timaluwa toyera tosaoneka bwino, minga yokhayokha!"

Anthu odikira minibasi anasendera pafupi.

"Achimwene anga ali kukhonsolo," anatero Jemima, foni ili m'manja. "Ndikangoimba, machubu onsewa akwera lole."

Mavenda anali atangochotsedwa kumene m'misewu, ndipo Fatu analibe chiphaso. Anagwada, n'kutembenuza tsinde lija mpaka anapeza chipsera.

"Anadulira ndani, mayi?"

"Bambo akunyumba, ndi chikwanje. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Rozi wofiira ndi wokongola koma payekha salimba, mizu yake ndi yofooka. Timamukwatitsa pa tsinde la rozi wakutchire. Abambowo anadula mkwatibwi, kwatsala mkwati."

"Ndiye mlandu wabwerera kunyumbatu," anatero Goodwin, wokonza njinga pafupi pomwepo. Anthu anaseka. Jemima sanaseke, anayamba kudina manambala.

Fatu sanachotse maso pa tsinde lija. Chitsamba cha rozi wakutchire chomwe ankadulako timitengo tokwatitsira, kumtsinje wa Lilongwe, oumba njerwa anachitentha mu Juni. Anafufuza china mpaka ku Chinsapo, osachipeza. Marozi asanu ndi awiri amene anali pamalopo anali omaliza.

"Sankhani ofiira atatu," anatero Fatu. "Ichi mundisiyire."

Jemima analeka kudina. "Atatu? Chifukwa cha chiminga ichi? Pali chimene mukubisa."

"Palibe. Ofiira ali paliponse, ku Area 10 mipanda yadzaza. Koma uyu akatha, ofiirawo adzaima pa chiyani? Mako ndi mako, mayi, usamuone kuchepa mwendo."

Jemima anachiyang'ana chitsambacho nthawi yaitali. Mizu inali itayamba kuuma ndi dzuwa.

"Ndipatseni mmodzi," anatero potsiriza, akubweza foni m'chikwama. "Ndipo mundionetse podulira, ndikawaphunzitse achikwanje aja."

Tsiku limenelo Fatu anaweruka masana. Anakulunga mizu ya chitsamba chija m'chiguduli chonyowa, n'kuyenda wapansi mpaka kwawo ku Kawale, poopa kuti mu minibasi achithyola. Anazula mpiru wake kuseri kwa nyumba, pamthunzi, n'kukumba dzenje.