Makiyi a Sutikesi ya Malemu

"Makiyi ali ndi ine, ndipo akhala ndi ine mpaka Loweruka," anatero a Owen, mng'ono wa malemu, akupukuta nsapato pakhonde.

Temwa anagwada. Bambo ake, a Macpherson, anali atagona m'manda masiku awiri, ndipo katundu wawo anamutsekera m'sutikesi kudikira Loweruka, tsiku losesa ndi kugawa za malemu. Momwemo munali kafoni kawo ka mabatani. Yunivesite ina ya kunja inali itamuitana ku mayeso a pakamwa a pa intaneti Lachitatu, koma nambala yolowera inkabwera pakafoni kameneko basi.

"Adada aang'ono, mphindi zisanu zokha. Mukhoza kuigwira nokha foniyo."

"Za wakufa sizikhudzidwa. Kodi anapempha malo kumeneko ndi angati?"

"Zikwi makumi anayi."

"Akunja ngati iwe atenga angati?"

"Mwina mazana awiri."

A Owen anaseka mpaka kutsokomola. "Ukuthamangira minibasi yodzaza kale, mwana iwe. Ngakhale kondakitala wanga sangakukweze."

"Atate akonso ankati mwayi wako ndi wochepa," anawonjezera a Dinah, mlongo wa malemu. "Dzuka, makapu a alendo akukudikira."

Zinali zoona. A Macpherson sanamulonjezepo kanthu. Ankangoti, "Lemba, ukatero upemphere."

Lachitatu masana Temwa anabwereka foni ya Nellie woyandikana naye, nakhala pansi pafupi ndi chitseko cha chipinda chokhoma mmene munali sutikesi ija. Anapempha nambala ija pa intaneti. M'katimo kafoni kanalira. Anapemphanso, kanaliranso. A Dinah anadutsa ndi beseni la chinangwa, namulambalala ngati mpando. Nthawi ya mayeso itatha, Temwa anapukuta foniyo ndi chitenje, anakaibweza, nathokoza.

Loweruka anatsekula sutikesi. A Owen anatenga suti ndi wotchi. Pansi penipeni panali chikhothi chaubweya cha pakaunjika, cholemera, choti ku Nkhata Bay palibe angachivale.

"Achimwene ndi zinthu zawo! Chaching'ono chonchi ankachitani nacho?" anatero a Dinah. "Bridget wanga chimuthandiza, ku Mzuzu kumazizira. Temwa, tandipindira."

Temwa anachiyala pamiyendo. M'kati mwa kolala munali dzina lake, lolukidwa ndi ulusi wofiira, zilembo zake zopendekeka ngati za munthu amene anayamba kugwira singano atakalamba. Anatembenuzira kolalayo m'kati, nachipinda bwinobwino, nachipereka ndi manja awiri.